Mahatchi a Mphwanga

Onse awiri anabwera kwa ine, mayi ndi mwana, aliyense payekha, aliyense akukhulupirira ndi mtima wonse kuti ndikhala mbali yake. Mlongo wanga wa ku Chawama anaimba foni usiku, mawu ali pansipansi kuti mwanayo asamve kuchipinda: "Alongosi, mwana wanu uyu akufuna honda. Mukamuletse, inu amakumverani." Mnyamatayo anafika yekha kuno ku Matero Loweruka lotsatira, zithunzi atazitsegula kale pafoni asanakhale n'komwe pansi. Chilolezo sanabwere kudzapempha. Ndalama anali nazo, za chilimba ndi za timalonda take ta matchaja ndi zikwama za mafoni ku City Market, ndipo munthu wa zaka 23 amene wadzisungira yekha ndalama sungangomuuza kuti ayi, nkhani n'kuthera pomwepo. Akufuna kuyamba ntchito yoperekera katundu ndi zakudya m'makomo, imene yachuluka mu Lusaka muno chibwerereni Yango ndi ena otere. Funso lake linali limodzi: "Malume, inu munayendetsapo. Munthu woyamba kumene amafunika mahatchi angati?"

Funsolo linandipeza ndilibe yankho, chonsecho ndakhala pachishalo zaka zambiri. Pamene ndinkagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi kummawa ndinkayendera Honda XL125 ya kuntchito, kuchoka ku Katete kulowera cha ku Chadiza, m'misewu yoti pofika kumene ukupita mano ali gwedegwede, ndipo palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene ndinafunsapo kuti njingayo ili ndi mahatchi angati. Anzathu a zachipatala amene ankayendera Yamaha AG200 nawonso sankafunsa. Mafunso athu anali ena. Kodi ikwera chitunda chija itasenza matumba a mbewu? Thanki imodzi indifikitsa n'kundibweza? Ikatitimira m'dambo ndiizula ndekha, kapena mpaka ndikaitane anthu kumudzi? Mphwangayo ndiye anandiwerengera pafoni kuti mahatchi a XL yanga ija sankafika n'komwe 15. Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Malume, ndiye munkayenda kapena munkakwawa?" Zithunzi zimene anandionetsa zinali ziwiri. China chinali cha njinga yatsopano ya ku China ya 250cc, yofiira, yovekedwa mapulasitiki osongoka. China chinali cha Yamaha R6 yakale imene wina ankagulitsa pa Facebook, pamtengo wotsika moti munthu wodekha akanayamba wafunsa kuti yalakwa chiyani. Mtima wake wonse unali pa imeneyo, ngakhale ankayesetsa kuti ndisaone. Ya 250 ija anaitsogoza kuti ndiyambe ndavomera kaye chaching'ono.

Atapita ndinakhala pansi n'kuyamba kufufuza manambala akewo, kuti ulendo wina asadzandisekenso. Hatchi ya pa injiniyi ndi muyeso chabe. James Watt wa ku Scotland, pofuna kugulitsa makina ake oyendera nthunzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, anawayerekeza ndi ntchito imene hatchi imagwira kuti ogula amve msanga. Hatchi imodzi ndi mawati pafupifupi 746, ndipo mawati tonse tinawaphunzira mokakamizika mu 2024, madzi atatsika ku Kariba, aliyense akuwerengera ngati kajenereta kake kangakoke firiji. Bajaj Boxer ya 150, imene yadzaza m'misewu yathu, ili ndi mahatchi 12. Mng'ono wake wa 100cc ali ndi 8 ndi pang'ono. TVS HLX ya 125 ili pakati pa ziwirizi. R6 ija ili ndi mahatchi opitirira 100, ndipo giya yoyamba yokha, ukaikoka mpaka pamapeto, imadutsa makilomita 100 pa ola. Koma njinga yamoto imene yagulidwa kuposa ina iliyonse padziko lapansi, Honda Super Cub, inatuluka mu 1958 ili ndi mahatchi anayi ndi theka basi, ndipo pofika 2017 anali atapanga zokwana 100 miliyoni. Nditamutumizira zimenezi anangoyankha kuti, "Imeneyo ndi ya agogo."

Chimene manambala sakuuza n'chakuti mphamvu yonseyo imakhala m'dzanja limodzi, lamanja, pa kachogwirira kamene kamapotoka pang'ono chabe. Kupotoka kwake n'kofanana, kaya pa Boxer kaya pa R6. Chosiyana ndi chimene chimatuluka. Amene anatungapo madzi pa mipopi ya m'komboni, ku George kapena ku Kanyama, akudziwa kuti pali mpopi woti umautsegula modekha mpaka chigubu kudzaza, ndipo pali wina woti ukangoukhudza madzi amakumenya kumaso chigubu n'kugubuduka. Dzanja la wophunzira limakhala lisanakhazikike. Ndinazionera pafupi pabwalo la mpira kuseri kwa sukulu ina kuno kwathu, kumene anyamata amaphunzitsana madzulo. Wophunzirayo anasiya kilatchi mwadzidzidzi, njinga n'kudumpha, thupi lake n'kutsalira kumbuyo, ndipo pofuna kudzigwira anakoka chogwirira chomwe chija chopatsira moto. Njinga inawonjezera liwiro, iye n'kuwonjezera kugwiritsitsa, maso ali tong'o, mapazi akukwekwereza m'fumbi, anzake akukuwa kuti "Kilatchi! Kilatchi!" koma makutu atatseka kale. Anakathera mumpanda wa waya kuseri kwa golo, bondo litasupuka, galasi limodzi likulendewera, anthu akufa nazo kuseka. Zonsezo sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumeza malovu kawiri. Ndikaika dzanja lomwelo, mantha omwewo, pa njinga ya mahatchi 100, ndimaona khoma la mabuloko la kutsidya kwa msewu, ndipo sindimvanso kuseka. Cholakwa chimenechi si cha opusa okha ayi. Aliyense amene anaphunzira njinga yamoto chinamuchitikirapo, kaya pa hampu imene sanaione, kaya pa dzenje limene linamugwedeza mkono. Tsiku loti dzanja limupereke limabwera ndithu, ndipo mahatchi ndiwo amanena kuti tsiku limenelo alipira zingati.

Ndiyeno pali malo amene njingayo izigona ndi kudzuka. Mphwanga amakhala mkati mwenimweni mwa Chawama, kumene tala anathera kale kumbuyo, ndipo ntchito imene akufunayo izimulowetsa ku John Laing, ku Misisi, ku Kalingalinga, ku Mtendere, ku Kanyama. Kanyama mu Januwale ndi nkhani ina. Dera lija n'lathyathyathya ndipo pansi pake pali mwala, choncho madzi a mvula alibe kopita. Amangoima, odera bii, atabisa miyala, maenje ndi ngalande, anthu akudumpha pa timiyala ndi pa matumba a mchenga, ena atavala majombo. Kuli wa wilibala yodzaza makabichi ochokera kumsika wa Soweto, kuli wa njinga yakapalasa atasanjikiza matumba a makala kupitirira mutu wake, kuli minibasi imene imaima pamene ng'wang'wazi waona munthu, kaya pali siteji kaya palibe, kuli mwana wothamangira mpira wa mapepala osayang'ana uku kapena uko. M'malo otere munthu amayenda pa giya yoyamba ndi yachiwiri, phazi lili tcheru kutera pansi. Mahatchi 100 alibe kothamangira, injini imangokuotcha ntchafu. Chimene chimawerengedwa kumeneko ndi kulemera. Boxer imalemera makilogalamu 120 ndi pang'ono, R6 pafupifupi 190, ndipo kusiyana kumeneko umakumva tsiku limene yagona m'matope, ana atakuzungulira, iwe ukuyesa kuidzutsa. Umakumvanso usiku uliwonse. Amene sanakhalepo m'komboni sadziwa kuti njinga yamoto imagona m'nyumba. Umaikweza pa sitepe, hendulo n'kuipendeketsa kuti idutse pachitseko, n'kuiimika pakati pa sofa ndi kabati, nyumba yonse n'kumanunkha petulo mpaka kucha. Kuisiya panja ndiye kuipereka kwa eni ake a usiku. Mlongo wanga ali ndi zipinda ziwiri zokha. Tcheni, pulagi kapena chingwe cha kilatchi cha Boxer uchipeza pa kantemba, makaniko wa pansi pa mtengo n'kukuikira iwe ukukukuta chimanga chootcha. R6 ikafa kanthu ka magetsi udikira munthu wochokera ku Johannesburg, njinga ili chiimire pabalaza, itatseka njira yopita kuchipinda.

Mpaka pamenepa ndinkadziona kuti mlandu ndawina. Koma mnyamatayo si wogona. Atabweranso anandisiya ndilankhule zonse, kenako anati, "Chabwino malume. Nanga mukadutsa pa Makeni kupita ku Chilanga, thiraki ya ku Chirundu ili kumbuyo kwanu, ina ili kutsogolo, inu pa ka 100cc kanu mwapatsa moto wonse koma sikakupita. Mutani?" Ndinakhala chete, chifukwa chimene ankanenacho ndimachidziwa m'thupi. Thiraki ikamakudutsa pafupi mphepo yake imayamba yakukankha, kenako n'kukukokera kumatayala ake, ndipo woyendetsa akaona kuti ukumuchedwetsa amakufinyira m'mphepete mwa tala, kumene kuli mchenga, magalasi osweka ndi anthu oyenda pansi. Njinga yosatha kuyenda limodzi ndi magalimoto imakhala yodutsidwa tsiku lonse, ndipo kudutsidwa kulikonse ndi ngozi payokha. Yosatha kudutsa msanga galimoto yochedwa imakusiya nthawi yaitali kumbali ya obwera. Tionjezerepo kuti Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka, moti injini imataya gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena kuposerapo, la mphamvu imene inalembedwa m'kabuku. Mahatchi 8 aja akafika kuno ndi 7. Ukakweza munthu kumbuyo ndi thumba la ufa la makilogalamu 25, pa kachitunda kalikonse uyamba kutsitsa magiya. Choncho sindikanatha kumuuza kuti yaing'ono kwambiri ndiyo yabwino kwambiri. Ya 100cc ndi yokwanira kwa munthu amene ulendo wake ndi wa kunyumba, kumsika ndi kutchalitchi. Kwa woti foni ikhoza kumutuma ku Chilanga m'mawa, masana kubwalo la ndege, madzulo ku Lilanda, ndi yoperewera.

Apa ndinayambanso kukayikira ngati ndine woyenera kufunsidwa. Luso langa ndi la kumudzi. Ndimadziwa kuwoloka mchenga wa mumtsinje wouma, kuzemba mbuzi, kuwerenga msewu wa dothi mvula itagwa. Nditasamukira mu Lusaka ndinayendako pang'ono pa njinga ya mnzanga, ndipo nditazungulira pa Kafue Roundabout nthawi yoweruka, minibasi uku, thiraki uku, aliyense akulowetsa mphuno pamene paoneka mpata, ndinabweza makiyi ndipo sindinawapemphenso. Mphwanga anabadwira m'phokoso limeneli. Amadziwa kuti kondakitala akamenya chitseko kawiri basi ichita chiyani, zimene ine mpaka lero ndimazidziwa zitachitika kale. Pali zimene iye akundiposa asanakwere n'komwe.

Komabe mavidiyo amene amaonera pa YouTube ndimawatsutsa. Kumeneko amamuuza kuti njinga ya woyamba kumene ndi ya 400cc, ya mahatchi 45, ndipo ya 125 amaitchula moseka. Sakunama, koma akunena za misewu yawo, yotakata, yoti aliyense akuyenda pa 110 kapena 120 ndipo palibe wilibala. Ngakhale kumeneko malamulo sakhulupirira dzanja latsopano. M'mayiko ambiri a ku Ulaya laisensi yoyamba, ya A1, imalola njinga yosapitirira 125cc ndi makilowati 11, amene ndi mahatchi 15. Yotsatira, ya A2, imathera pa makilowati 35, mahatchi 47. Kuti ukwere iliyonse imene ukufuna uyenera kukhala zaka ziwiri pa A2, apo ayi udikire ufike zaka 24. Kwathu kuno a RTSA amagawa pawiri: A1 ya njinga zosapitirira 125cc, ndi A ya zoposa pamenepo. Lamulo lathu limayang'ana kukula kwa injini basi, moti pepala limene limakulola kukwera Boxer ya 150 ndi lomwelo limene limakulola kukwera R6. Masitepe apakati amene anzathu anawalemba m'malamulo, kuno amatsalira kwa makolo, kwa amalume ndi kwa thumba la munthu.

Pali china chimene chimandivuta kuposa zonsezi, chimene sindinafune kuchinena pamaso pa mayi ake. Anyamata amene ndimawadziwa kuno kwathu oyenda ndi ndodo, ndi mmodzi amene tinakamuika ku Chingwere, palibe amene anagwa pa njinga yaikulu. Onse anali pa timahonda tomweti ta 125 ndi 150. Mahatchi 12 ukawapatsa mtunda amakufikitsa pa makilomita 90 kapena 100 pa ola, ndipo theka chabe la liwiro limenelo n'lokwanira kuthyola munthu akakumana ndi chitseko cha galimoto. Liwiro ukaliwirikiza kawiri, mtunda woti uimire umawirikiza kanayi. Ndiye kunena kuti "gula yaing'ono, ukhala bwino" ndi bodza lotonthozera makolo. Njinga yaing'ono imakhululuka dzanja likalakwa popatsa moto. Maso amene sanaone minibasi ikukhota siiwakhululukira, zala zoopa buleki nazonso ayi. Pali chiphunzitso chimene chafala pakati pa anyamata ophunzitsana okhaokha, chakuti buleki yakutsogolo imagwetsa, osamaigwira. Chonsecho pa tala wouma mbali yaikulu ya kuima imachokera kutsogoloko, chifukwa ukamaima kulemera konse kumathamangira pa tayala lakutsogolo, ndipo wodalira phazi lokha tayala lakumbuyo limangoterereka, njinga n'kuyamba kupita chammbali. Imene imagwetsa ndi buleki yakutsogolo yogwidwa modzidzimuka, kapena yogwidwa pokhota, kapena pa mchenga umene mvula yasiya pa tala. Ku Ulaya kuyambira 2016, ndi ku India kuyambira 2019, njinga zatsopano zopitirira 125cc zimayenera kukhala ndi ABS, kachipangizo koletsa tayala kumangika munthu akagwira buleki mwamantha. Zambiri zimene timaziona kuno zilibe. Zili ndi mabuleki a dramu, amene ukawoloka nawo chithaphwi chakuya amayamba aganiza kaye asanagwire.

Bungwe la WHO linanenapo kuti chisoti chovalidwa bwino chimachepetsa imfa ndi 42 peresenti, ndi kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Koma taimani pa Lumumba Road kanthawi muone. Wina wachikoleka pachigongono, wina wachikhazika pamwamba pa mutu lamba akulendewera, wina wavala cha omanga nyumba, ndipo wokwezedwa kumbuyo alibe n'komwe. Ndikawayang'ana anyamatawa akulowerera pakati pa magalimoto, ndimaona kuti chowathamangitsa chili pa foni yomangidwa pa hendulo, imene ikuwawerengera mphindi, ndi m'mutu mwawo mmene akuwerengera maulendo angati kuti ya petulo ipezeke, ya lendi ipezeke, ya mwini njinga ipezeke. Ambiri njinga si zawo. Madzulo aliwonse ayenera kukapereka ndalama imene anapangana, kaya kunagwa mvula kaya apolisi anawasunga pamsewu theka la tsiku. Ena anagula ndi ndalama za kaloba, ndipo kaloba sadziwa kuti lero kunalibe makasitomala. Munthu wotere ngakhale utamupatsa mahatchi asanu adzawathamangitsa onse asanuwo mpaka pamapeto. Pa ichi chokha mphwanga ali ndi mwayi, chifukwa njinga ikhala yake, yopanda ngongole, bola ndalama asazithere pa chitsulo chokha.

Chifukwa chimene mtima wake unalili pa R6 ndimachimvetsa. Lamlungu m'mawa gulu la njinga zazikulu limadutsa pa Great East Road kapena kulowera ku Leopards Hill, phokoso lake lomveka mpaka m'chifuwa, okwera atavala zikopa, ndipo aliyense amatembenuka. Mnyamata wa Boxer ya bokosi kumbuyo akafika pa geti kumayadi ku Kabulonga, mlonda amayang'ana bokosilo, nkhope ayi. Mphwanga wakula akuona kusiyana kumeneku tsiku ndi tsiku, ndipo sindingamuseke. Ine ndemwe pa XL ija, ndikamalowa m'mudzi ana akuthamanga m'fumbi kumbuyo kwanga, mfumu n'kuitanitsa mpando, ndinkamva kukoma ndithu. Mahatchi ake anali ochepa koma kumeneko inalibe inzake. Iye akufuna kukoma komweko mumzinda umene Boxer ili pa ngodya iliyonse. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mwambiwu timaunena monyada ife akuluakulufe, osadzifunsa kawirikawiri ngati moto wina umene timazimitsa sunali wophikira. Ndikadzifufuza bwino sindingathe kulekanitsa kuti apa ndi nzeru, apa ndi mantha. Kwathu kwa Achewa malume ndiye mwini mbumba. Chitachitika choipa, amuna atakhala panja pamoto usiku wa maliro, funso limene lingamayende chapansipansi ndi lakuti, "Nanga amalume ake anali kuti? Si ajawa ankayendetsa honda?" Mwina nambala imene ndinamupatsa ndi yomuteteza iye, mwina ndi yoti ine ndidzakhale ndi choyankha pamoto pamenepo. Ndazitembenuza kambiri, ndipo ndikuona kuti zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nambalayo n'kukhalabe yomweyo.

Ndinamuuza kuti mahatchi akhale pakati pa 10 ndi 15. Pansi pa 10 mathiraki a pa Kafue Road amusautsa, pamwamba pa 15 akugula mphamvu imene Chawama sadzamulola kuigwiritsa ntchito ndipo dzanja lake silinaiyenere. Ya 250 ya ku China ija sindinaikane chifukwa cha mahatchi, pakuti zambiri zoterezi, ngakhale nambala ya pathanki ili yaikulu, sizifika n'komwe 20. Ndinaikana chifukwa cha mapulasitiki amene asweka tsiku loyamba kugwa, ndi masipeya amene makaniko wa ku Chawama anapukusa mutu titamufunsa. Ndalama zotsala ndinati zipite ku laisensi, inshuwalansi ndi msonkho wa pamsewu, ku magolovesi ndi nsapato zophimba akakolo, ndi ku chisoti chotseka mpaka pachibwano, chatsopano, chifukwa cha pa salaula sungadziwe kuti chinamenyapo kale pansi. Anang'ung'udza, anawerengera pafoni, anapita kukagona nazo. Anagula Boxer ya 150.

Mlongo wanga sanandilankhule bwino kwa kanthawi. Iye anandituma kukaletsa, ine n'kukathandiza kusankha. Ndinayesa kumufotokozera kuti ndikanakana, mwanayo akanagula R6 ija mwakachetechete n'kumaisunga kwa mnzake, ife n'kudzamva zitachitika. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akupukuta mbale imodzimodziyo, kenako anati, "Alongosi, inu mukuwerenga mahatchi. Ine mwana wamwamuna ndili naye mmodzi." Ndinalibe choyankha, ndipo mpaka pano ndilibe. Chimene ndinatha kuchita ndi kutenga mnyamatayo Lamlungu masana kupita naye pabwalo la mpira. Ndimalemba mzere m'dothi ndi chidendene, iye n'kubwera pa liwiro la 30, ndipo ayenera kuima asanauponde, mabuleki onse awiri, zala zikufinya pang'onopang'ono osati kukwatula. Kenako 40, ndipo ulendo woyamba anadutsa mzerewo ndi mtunda umene unamudabwitsa yekha, mpaka anatsika kukauyesa ndi mapazi. Timaika mabotolo a pulasitiki kuti aziwazungulira pa liwiro la munthu woyenda pansi, kilatchi ali nayo theka, phazi lili pa buleki yakumbuyo, maso ali kumene akufuna kupita osati pa botolo limene akuliopa. Zimenezi zinkamutopetsa. Ankafuna msewu. Koma tsiku lina ndinamuona akutembenuka m'kanjira ka pakati pa nyumba ziwiri, koti ine ndikanatsika n'kukankha, phazi osaligwetsa pansi, ndipo atamaliza anandiyang'ana kuti aone ngati ndaona.

Wayamba kale kunena zoigulitsa chaka chamawa n'kugula yokulirapo. Sindinamuletse. Ndinamuuza kuti ine miyezi sindiwerenga, adzabwere tidzakambirane akadzadutsa dzinja lonse la ku Kanyama ndi kutha matayala awiri akumbuyo. Anawerama n'kupapasa tayalalo ndi chala, kuona mmene mizere yake ilili yakuya, kenako anandifunsa ngati lophulika ndi msomali liwerengedwa nawo.